Khadi limene linanama dzina lake

## Usiku wa Lachinayi

Linali Lachinayi usiku m'mwezi wa Okutobala chaka cha 2024, nyengo imene kutentha kwa Lilongwe sikulola munthu kutseka zenera ngakhale fumbi likulowa, ndipo ine ndinali pa tebulo langa ku Area 25 ndikumaliza vidiyo ya ukwati imene ndinalonjeza kukapereka Loweruka m'mawa. Zonse ndinali nditadula kale, kuyambira kutchalitchi mpaka pa perekaniperekani, nyimbo ndinali nditaziika m'malo mwake, ndipo chotsala chinali chakuti kompyuta isonkhanitse zonsezo kukhala fayilo imodzi, ntchito imene ife a makamera timaitcha kurenda. Kamzere kosonyeza mmene ntchito ikuyendera kanakwera bwinobwino mpaka cha pakati, kenaka sikirini inadzaza timabokosi tofiirira ndi tobiriwira, inada bii, ndipo kompyuta inazima yokha. Ndinayatsanso n'kuyambiranso, koma zinachitika chimodzimodzi. Ulendo wachitatu ndinamva kafungo ka pulasitiki wopsa kakuchokera kumbuyo kwa bokosi, ndipo ndinazula pulagi pakhoma manja akunjenjemera.

Chimene chinandiwawa kwambiri usiku umenewo ndi chakuti graphics card, khadi lothandiza kompyuta kuonetsa ndi kukonza zithunzi ndi mavidiyo, imene inali m'bokosi la kompyutayo ndinali nditangoigula masabata atatu m'mbuyomo, ndi ndalama ya maukwati awiri, ndipo ndinaigula kuti ithetse mavuto a mtundu womwewu.

## Mmene ndinafikira pogula

Kompyuta yanga ndi Dell OptiPlex 9020 ya bokosi lalitali, imodzi mwa zija zimene zinatha ntchito m'maofesi akunja n'kubwera kuno zitapukutidwa. Ili ndi purosesa (ubongo wa kompyuta) ya Intel Core i5-4590 ya m'chaka cha 2014, ndipo nthawi imeneyo inali ndi RAM (memori yogwirira ntchito) ya 8GB ndi hard disk yozungulira. Kwa zaka zingapo inandidyetsa popanda kudandaula, chifukwa kamera yanga imajambula mu H.264, mtundu wa vidiyo umene purosesa imeneyi imauwerenga mosavuta.

Vuto linabwera ndi mafoni. Masiku ano palibe ukwati umene abale sabwera ndi fulashi n'kunena kuti muikemonso izi zimene anajambula azakhali pa chinkhoswe, muikemonso izi za pa bridal shower. Mafoni a iPhone kuyambira m'chaka cha 2017 amasunga mavidiyo mu HEVC, mtundu wina watsopano wa vidiyo, ndipo mafoni ena ambiri anatsatira, ena mpaka amajambula 4K, vidiyo ya chithunzi chachikulu kwambiri. Purosesa ya 2014 ilibe mbali yokwanira yomasulira HEVC, choncho imachita kulimbana nayo ndi mphamvu zake zonse. Ndikaika kavidiyo kotere pa Premiere Pro, pulogalamu imene ndimadulira mavidiyo, mkwatibwi amayenda modumphadumpha, mawu amatsogola chithunzi n'kutsalira, ndipo kudula mphindi zisanu kumanditengera ola.

Anzanga onse anandiuza chinthu chimodzi, chakuti ndigule khadi. Koma aliyense amene amagula zipangizo za kunja akudziwa chimene chinachitika mu Novembala 2023, pamene kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti n'kufika pa makwacha pafupifupi 1,700 pa dola imodzi ku banki. Khadi limene kunja amaliona ngati la ana asukulu linasanduka la mabwana kuno. Choncho nditaona pa Facebook munthu akugulitsa GeForce GTX 1050 Ti ya 4GB, yatsopano m'katoni mwake, pa mtengo wotsika kuposa umene ena amagulitsira zogwiritsidwa kale ntchito, mtima wanga unakhazikika pomwepo. Dzinalo ndinkalidziwa. Ndi khadi labwino limene kampani ya NVIDIA inatulutsa mu 2016 pa mtengo wa madola 139, ndipo anthu ambiri a makompyuta a m'maofesi ngati yanga amaliyamikira.

Tinakumana pafupi ndi depoti ya mabasi ku Area 2. Anali mnyamata waulemu, wovala bwino. Anatsegula katoni, ndinaona khadi lonyezimira la mafani awiri, ndipo chimene chinandisangalatsa koposa chinali kabowo kabuluu ka VGA kumbuyo kwake, chifukwa sikirini yanga yakale imalumikizidwa ndi waya wa VGA. Anandipatsanso kawaya kakafupi kotengera magetsi ku waya wa hard disk kupita ku khadi, komanso CD ya madiraiva, mapulogalamu amene amalola kompyuta kugwiritsa ntchito khadi, n'kundilangiza kuti ndisatsitse madiraiva a pa intaneti chifukwa amavuta. Ndinatumiza ndalama pa foni, tinagwirana chanza, ndipo ndinakwera minibasi ndili wokondwa. Sindinafunse munthu aliyense wodziwa.

## Pa tebulo la bambo wokonza makompyuta

Lachisanu m'mawa ndinakulunga bokosi lonse m'chitenje cha mayi a kunyumba, ndinalikhazika pamiyendo mu minibasi, n'kupita nalo kwa bambo ena okonza makompyuta amene mnzanga anandilozera, m'kachipinda kakang'ono kuseri kwa mashopu a cha ku Malangalanga. Ndi bambo achikulire, a imvi za apo ndi apo, magalasi awo amamangirira ndi kachingwe m'khosi. Pa tebulo pawo panali zitini za majarini zodzaza timasikuluwu tosiyanasiyana, bulashi yopentera imene amachotsera fumbi, ndi kompyuta ina yopanda chivundikiro imene amayeserapo zinthu.

Ndinayamba kufotokoza za timabokosi tofiirira ndi kafungo kaja, koma iwo anakweza dzanja kuti ndidikire. Sanayatse kompyuta. Anangoitembenuza, n'kuyang'ana kumbuyo kwake kwa kanthawi, kenaka analoza ndi sikuludiraiva kabowo kabuluu kaja.

"Achimwene, mwati khadili ndi chiyani?"

"Ndi GTX 1050 Ti, bambo. Katoni yake ndabwera nayo."

"Katoniyo isungeni. GTX 1050 Ti yeniyeni sikhala ndi kabowo aka. A NVIDIA anasiya kutulutsa chithunzi cha VGA pa makhadi a m'badwo umenewu. Mukanaona HDMI, DisplayPort ndi DVI basi."

Ndinakhala chete. Chinthu chomwe chinandikopa pa depoti paja ndi chomwe chinali umboni woyamba wa chinyengo.

Anatsegula chivundikiro, anazula kawaya kakafupi kaja n'kundipatsa m'manja. Mbali imene imalumikizana ndi waya wa hard disk inali itasungunuka pakona, pulasitiki wakuda atatupa ngati chingamu, ndipo timawaya tachikasu tinali titasanduka tofiirira. Anandiuza kuti polumikizira pamenepa, potchedwa SATA, anapapangira hard disk, ndipo pa mzere wa mavoti 12 sipayenera kudutsa mphamvu yoposa mawati 54, pamene polumikizira pa mapini 6 pa khadi pamaloledwa kukoka mawati 75. Kawaya kotero kamagwira ntchito khadi likamapuma, koma likayamba kukoka mphamvu kwa ola lathunthu, monga zimakhalira pa kurenda, kamatentha mpaka kupsa. Ananena modekha kuti ndinachita bwino kuzula pulagi, chifukwa moto wotero suthera pa kawaya pokha.

Kenaka anachotsa khadilo n'kuliika pa kompyuta yawo yoyesera, imene ili ndi power supply (kabokosi kogawa magetsi m'kompyuta) yamphamvu. Windows inalemba dzina lomwe lija, GTX 1050 Ti, 4GB, ndipo kwa kamphindi ndinaganiza kuti mwina bambowa alakwitsa. Iwo anatsegula kapulogalamu kaulere kotchedwa GPU-Z, n'kutembenuzira sikirini kwa ine. Kutsogolo kwa dzina la khadi kunali liwu lachingerezi lakuti FAKE. Anandilozera mzere wina umene umawerenga timagawo togwira ntchito m'kati mwa khadi, ndipo panalembedwa 192. GTX 1050 Ti yeniyeni ili ndi timagawo 768.

Sanalekere pomwepo, ndipo ndikuganiza kuti anafuna kuti ndione ndi maso anga osati kungokhulupirira pulogalamu. Anamasula timasikuluwu tinayi, anachotsa mafani ndi chitsulo choziziritsa, anapukuta phala loyera limene limakhala pamwamba pa mtima wa khadi, n'kundibwereka magalasi awo. Zilembo za pamenepo zinali za khadi lina, GeForce GTS 450, limene linatuluka mu 2010. Linali khadi la zaka 14 lovekedwa malaya atsopano. Anthu achinyengo amatola makhadi akale otere, amalembanso kapulogalamu kakang'ono kamene kamakhala m'khadimo kuti lizitchula dzina lina ndi memori imene lilibe, n'kuliika m'katoni yokongola. Langali memori yake yeniyeni inali 1GB. N'chifukwa chake linkaoneka labwino ndikamangotsegula mafayilo, koma Premiere Pro ikakhulupirira kuti pali 4GB n'kuyamba kuthira katundu wopitirira 1GB, chithunzi chinkasweka. CD ija nayonso inali ndi chifukwa chake: NVIDIA inasiya kutulutsa madiraiva atsopano a makhadi a m'badwo wa GTS 450 mu 2018, choncho madiraiva enieni a GTX 1050 Ti akanalikana tsiku loyamba lomwe.

"Chikomekome cha mkuyu," anatero bambowo akubwezera timasikuluwu m'chitini, ndipo sanamalize mwambiwo chifukwa tonse tinkaona nyererezo pa tebulo.

Ndinayimba nambala ya mnyamata uja ndili pomwepo. Sinkapezeka, ndipo mpaka lero sipezeka. Mwina nayenso anagulitsidwa ndi wina osadziwa, koma malangizo ake a CD aja amandikayikitsa.

## Funso limene sindinadzifunse

Ndinali wokonzeka kunyamula bokosi langa n'kumapita, koma bambowo anandikokera mpando.

"Tsono achimwene, khadi mumalifuna kuti lizikugwirirani ntchito yanji?"

Ndinayankha kuti ndimafuna kompyuta izithamanga. Anapukusa mutu n'kunena kuti kuthamanga kuli mitundu yambiri, ndipo wa masewera, wa mapulani a nyumba ndi wa mavidiyo a ukwati safuna khadi limodzi. Nditawafotokozera za mavidiyo a m'mafoni, anati ntchito yanga kwenikweni ikufuna zinthu ziwiri: khadi lodziwa kumasula HEVC palokha kuti ndizidula bwino, komanso lokhala ndi mbali yapadera yotulutsira vidiyo, imene pa makhadi a NVIDIA imatchedwa NVENC ndipo Premiere Pro inayamba kuigwiritsa ntchito potulutsa mavidiyo mu 2020. Ine pogula ndinkangoyang'ana dzina ndi nambala ya ma GB, chifukwa ndi zimene zimalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu pa katoni.

Kenaka anayatsa tochi ya foni yawo n'kuunika m'kati mwa bokosi langa, pa kapepala komatidwa pa power supply. Anandiuza kuti ndiwerenge ndekha. Panalembedwa 290W. Ndinali nditakhala ndi kompyutayo zaka zinayi koma kapepalako ndinali ndisanakawerengepo.

"Khadi mumayamba kulisankhira muno," anatero akugogoda bokosilo, "ku shopu mumangopita kukalitenga."

Mawu amenewa ndi amene anasintha kaganizidwe kanga. Kuyambira tsiku limenelo, munthu akandifunsa khadi loti agule, sinditchula dzina lililonse asananditumizire chithunzi cha kapepala ka pa power supply yake, chithunzi cha m'kati mwa bokosi, ndi kundiuza ntchito imene amagwira.

## Nkhani ya mawati

Zimene anandiphunzitsa pa mawati ndi zosavuta, ndipo ndimadabwa kuti ogulitsa ambiri sazitchula. Polowetsa khadi pa motherboard (bolodi lalikulu la m'kati mwa kompyuta), pamene pamatchedwa PCI Express, pamatha kupereka mawati 75. Khadi lofuna mphamvu yoposa pamenepa limafuna waya wakewake wochokera ku power supply: wa mapini 6 umawonjezera mawati 75, wa mapini 8 umawonjezera 150. Makompyuta a m'maofesi ngati yanga sanapangidwe ndi mawaya amenewa, chifukwa ntchito yawo inali kulemba makalata. Choncho mwini kompyuta yotere ali ndi njira ziwiri zokha zoongoka: kugula khadi losapitirira mawati 75 lopanda polumikizira waya, kapena kusintha power supply.

Ndinawafunsa za njira yachiwiriyo, chifukwa mtima wanga unali utayamba kale kuthamangira ku Radeon RX 580 ya 8GB, khadi la kampani ya AMD la mu 2017 limene lili ponseponse m'magulu ogulitsirana zinthu ndipo mtengo wake ndi wokopa. Sananyoze khadilo. Anati ndi lamphamvu ndithu kuposa onse a mawati 75 a nthawi yake, ndipo kwa mnyamata wa masewera amene ali ndi bokosi lomanga yekha ndi power supply ya mawati 500, ndi chisankho chomveka. Koma limadya mawati 185 ndipo limafuna waya wa mapini 8. Pa Dell yanga power supply imalumikizana ndi motherboard ndi pulagi ya mtundu wakewake ya mapini 8, osati ya mapini 24 imene ili pa ma power supply a m'mashopu, ndiye kuti ndikanafunika kugula power supply yatsopano, kufunafuna kawaya kosinthira, n'kuyezanso ngati khadi lalitali chotero lingakwane popanda kugunda malo a hard disk. Mtengo wotsika uja ukanakwera ndisanayatse n'komwe.

Anandichenjezanso za kumene ma RX 580 ambiri anachokera. Kwa zaka zingapo makhadi amenewa ankagwira ntchito usana ndi usiku pokumba ndalama za pa intaneti za Ethereum, ndipo njira yokumbira ndi makhadi itathetsedwa mu Seputembala 2022, anakhuthulidwa pa msika ochuluka zedi. Ena akadali abwino, ena mafani ndi memori zawo zinatopa. Palinso mtundu wolembedwa RX 580 2048SP, umene mphamvu yake ndi yofanana ndi RX 570 ngakhale dzina likumveka lalikulu.

Pali china chimene anthu a kunja olemba za makhadi saganizira, koma ife kuno timachidziwa bwino. Kusiyana kwa mawati 185 ndi 75 ndi mawati 110, ndipo khadi likagwira ntchito mwamphamvu maola khumi, imeneyo ndi yuniti imodzi ndi kachidutswa pa mita. Kwa munthu wogula mayuniti pang'onopang'ono pa foni, zimenezi zimaoneka pakutha pa mwezi. Chachikulu kuposa apo ndi nthawi imene magetsi azima. Ine ndili ndi inveta yaing'ono ndi batire imodzi, zongokwanira kuti ndimalize ntchito imene ili pakati, ndipo khadi losusuka likanafupikitsa nthawi imeneyo pa ola limene ndikuifuna kwambiri.

## Amene tinawasiya ndi limene tinasankha

Atatsala makhadi a mawati ochepa okha, bambowo anatenga kapepala ka lisiti yakale n'kuyamba kulemba mayina kuseri kwake, akufufuta limodzilimodzi.

GT 710 ndi GT 730 anazifufuta asanamalize n'kulemba komwe. Zimagulitsidwa kwambiri m'tauni muno, zina zitalembedwa 4GB, koma ntchito yake ndi kungowonjezera polumikizira sikirini, ndipo pa mavidiyo anga sizikanasintha kanthu. Apa ndi pamene ndinamvetsa kuti memori ili ngati kukula kwa ngolo, pamene mtima wa khadi ndiwo ng'ombe zokoka.

GT 1030 ya mu 2017 ndi yabwinoko, imadya mawati 30 okha ndipo imamasula HEVC, koma ilibe NVENC. Ilinso ndi msampha wake: pali ya memori ya GDDR5 ndi ina ya DDR4, dzina ndi limodzi, koma ya DDR4 imayendetsa katundu pa liwiro la pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a inzakeyo. Wogula asanapereke ndalama ayenera kuwerenga zilembo zing'onozing'ono.

Radeon RX 6400 ya mu 2022 inandikopa chifukwa ndi yatsopano ndipo imadya mawati 53 basi. Kwa wosewera masewera pa kabokosi kopyapyala ndi khadi loganizirika. Koma AMD sinaikemo mbali yotulutsira vidiyo, komanso imagwiritsa ntchito tinjira tinayi tokha ta PCI Express, kotero pa motherboard yakale ya PCI Express ya m'badwo wachitatu ngati yanga imataya liwiro. Kwa ine ikanakhala ndalama yogulira theka la ntchito.

GeForce RTX 3050 ya 6GB, imene inatuluka kumayambiriro kwa 2024 ndipo imadya mawati 70 popanda waya wowonjezera, anailemba pamwamba n'kunena kuti ndikanakhala ndi ndalama ikanakhala imeneyo. Ndalamazo ndinalibe, ndipo iwo anawonjezera kuti purosesa ya 2014 singathe kuidyetsa ntchito mokwanira, choncho gawo lina la mtengo wake likanangogona.

Panatsala awiri: GTX 1050 Ti yeniyeni ndi GTX 1650 ya mu 2019. Onse ndi a 4GB, onse ndi a mawati 75, onse amamasula HEVC ndipo ali ndi NVENC. GTX 1650 ili ndi timagawo 896 ndipo ndi ya m'badwo wotsatira, choncho anati ngati kusiyana kwa mtengo kuli kochepa nditenge imeneyo, bola ndionetsetse kuti ndi mtundu wopanda polumikizira waya wa mapini 6, chifukwa makampani ena amaikapo. Ndinawakumbutsa kuti NVIDIA imalangiza power supply ya mawati 300 pa khadi limeneli pamene yanga ndi 290. Anawerengera pa kapepala pomwepo: purosesa mawati 84, khadi 75, zotsalazo ndi zazing'ono, ndiye malo alipo okwanira, malinga ngati sindidzaza bokosi ndi ma hard disk ambiri ndiponso ndikamachotsa fumbi.

Chomaliza chimene analemba pa kapepalako sichinali khadi. Analemba SSD, chosungira mafayilo chachangu kuposa hard disk, ndi RAM ina ya 8GB, n'kuzungulira mawuwo kawiri. Anati kuchedwa kwina kumene ndinkaimbira mlandu kusowa kwa khadi kunali kwa hard disk yozungulira ija, ndipo zinthu ziwirizi pamodzi zinali zotsika mtengo kuposa khadi lililonse pa mndandandawo. Sanandigulitse chilichonse tsiku limenelo. Anangolandira ndalama yochepa ya ntchito yawo.

## Ukwati wa Loweruka

Madzulo a Lachisanu ndinabwezera waya wa sikirini pa kabowo ka motherboard, kuti kompyuta igwiritse ntchito mbali ya zithunzi ya m'purosesa monga kale. Ndinaimbira mayi a mkwatibwi n'kuwauza zoona zokhazokha, kuti makina anga avuta ndipo vidiyo ikhoza kuchedwa.

"Musadandaule mwana wanga," anatero, "koma alendo ochokera ku Mzimba akunyamuka Lamulungu masana, ndipo amafuna aonere limodzi nafe."

Kompyuta inarenda usiku wonse, fani ya purosesa ikulira ngati chigayo chakutali, ine nditakhala pambali ndikupemphera kuti magetsi asazime. Inamaliza kunja kukuyera. Ndinaionera yonse kuti nditsimikize, ndinaikopera pa fulashi, ndipo ndinakapereka Loweruka madzulo m'malo mwa m'mawa. Alendo a ku Mzimba anaonera.

SSD ndi RAM ndinagula mwezi wotsatira, ndipo kusintha kwake kunandidabwitsa: kompyuta inayamba kuyaka m'timasekondi, Premiere Pro inasiya kuuma ndikatsegula mafayilo ambiri, ngakhale mavidiyo a m'mafoni ankadumphabe. Khadi linanditengera miyezi ina itatu ndikusunga pang'onopang'ono, chifukwa nyengo ya mvula maukwati amachepa.

## Kugula kachiwiri

Nditapeza wogulitsa GTX 1650 yogwiritsidwa kale ntchito, ndinamuuza kuti tikumane pa tebulo la bambo aja ndipo ndalama ndipereka khadi likayesedwa. Woyamba anakana, n'kunena kuti alibe nthawi. Ndinamusiya. Wachiwiri, wophunzira wina amene ankagulitsa kuti awonjezere pa fizi, anabwera nalo yekha m'chikwama cha mabuku.

Tinayang'ana kumbuyo, panalibe VGA. Tinayang'ana m'mphepete, panalibe polumikizira mapini 6. Tinaliika m'kompyuta yanga yomwe, osati yoyesera, n'kutsitsa madiraiva pa tsamba la NVIDIA lenileni, ndipo analowa osakana. GPU-Z inawerenga timagawo 896. Bambowo analithamangitsa ndi pulogalamu ya FurMark kwa mphindi makumi awiri akuyang'ana kutentha kwake ndi kumvetsera fani, khutu ali pafupi ndi bokosi, kuti amve ngati ikukhula penapake. Pomaliza ndinatulutsa fulashi yanga imene munali kavidiyo ka 4K ka pa chinkhoswe, kamene kanandizunza miyezi yambiri, n'kukaika pa Premiere Pro. Amayi ovina aja anayenda bwinobwino, chitenje chilichonse chikugwedezeka m'nthawi yake, mawu a ng'oma akugwirizana ndi mapazi. Ndinatumiza ndalama mnyamatayo ali pomwepo. Ndinagulanso kachipangizo kosinthira HDMI kupita ku VGA, chifukwa kapulagi wamba kosinthira DVI kupita ku VGA sikagwira pa makhadi amenewa, ndipo sikirini yanga yakale ikugwirabe ntchito mpaka lero.

Vidiyo ya ukwati wonse imene kale inkarenda usiku wathunthu tsopano imatha ndisanagone. Fumbi la Lilongwe ndiye mdani amene watsala, makamaka kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, choncho mwezi uliwonse ndimatsegula bokosi, ndimagwira fani ndi chala kuti isazungulire, n'kupukuta ndi bulashi yopentera imene ndinagula potengera bambo aja.

Chaka cha 2025 chinabweretsa nkhani ziwiri zimene zikukhudza bokosi limeneli. NVIDIA inasiya kutulutsa madiraiva atsopano a masewera a makhadi a m'badwo wa GTX 1050 Ti, kusiya okonza za chitetezo okha, pamene GTX 1650 ikulandirabe, ndipo ndinakumbukira mmene bambowo anakankhira cholembera chawo ku dzina lachiwirilo. Inayo ndi yakuti Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo purosesa yanga ili kunja kwa mndandanda wa mapurosesa ololedwa pa Windows 11, umene kwenikweni umayambira pa mapurosesa a Intel a m'badwo wachisanu ndi chitatu. Ndiye kuti bokosi ili masiku ake akutha, koma khadi lidzasamuka nane. Ndayamba kale kufunsa za makompyuta a m'maofesi a m'badwo umenewo, ndipo wogulitsa aliyense ndimamupempha kuti atsegule chivundikiro, aunike pa power supply, anditumizire chithunzi, ndiponso andiuze ngati bokosilo ndi lalitali kapena lopyapyala, chifukwa khadi langa ndi la msinkhu wonse ndipo m'lopyapyala silingalowe.

Khadi lonama lija ndinawasiyira bambo aja. Analikoloweka pa msomali pamwamba pa tebulo lawo, mafani atachotsedwa kuti zilembo za GTS 450 zizioneka, ndipo kawaya kopsa kaja anakamangirira pomwepo. Sabata yatha nditapita kukafunsa za mabokosi, ndinapeza mtsikana wina wojambula mapulani a nyumba ataima pamenepo, foni ili m'manja, akuwaonetsa chithunzi cha khadi limene amafuna kukagula masana omwewo. Bambowo anakweza magalasi awo, anakulitsa chithunzicho ndi zala ziwiri mpaka kumbuyo kwa khadi kunaoneka, kenaka anatembenuka n'kutsitsa lija la pa msomali.